Thabwa la pa Ngalande

"Valani nsapato, achimwene, ife pano sitichoka," anatero Atelala atatsamira chitseko changa. Kunja kunali kusanayere bwino. Kumbuyo kwawo kunaima Aphunzitsi ndi ndodo yawo, chipewa chaubweya chitaphimba makutu.

Ndinavala. Kukana kumafuna mphamvu, ndipo ine ndinalibe. Chiikireni maliro a mkazi wanga ndinali ndisanatuluke pampanda. Sindinkalira, sindinkadwala, ndinkangokhala basi. Chakudya chinkandipeza pampando n'kundisiya pampando pomwepo. Mwana wanga wamkazi anali atanena kale kuti mwezi ukatha ndili choncho, adzatseka nyumba n'kunditengera kwawo kutauni. Ine ndinangoti chabwino. Anzangawa ndiwo anakwiya m'malo mwanga.

Tinatsetserekera ku ngalande yakale imene inkapititsa madzi kuminda ya kampani. Kampaniyo inatha kalekale, koma madziwo palibe anawauza, amangoyendabe mwaulesi pansi pa ndere. Kanjira ka m'mbali mwake n'kopapatiza, moti tinkayenda mondondozana. Kale tinkayendamo anthu anayi, ife atatu ndi malemuwo, chifukwa adokotala anatiopseza tonse ndi kuthamanga kwa magazi.

"Taonani nkhungu iyo pamadzi," anatero Aphunzitsi. "Kukongola kwakeko!"

"Ndaona."

"Nanga mbalamezo?"

"Ndazimva."

"Aa, koma abale!" Atelala anawomba m'manja kumbuyo kwanga. "Kucheza ndi munthu ngati ukumulembetsa mayeso. Aphunzitsi, muwapatsa zingati amenewa?"

"Abwereze kalasi."

Ndinadziwa kuti ndi nthabwala, ndiye ndinaonetsa mano kuti asakhumudwe.

"Kutauniko mukangokhala pakhonde n'kumaonerera magalimoto a eni," anapitiriza Atelala. "Ine mundisiyira ndani? Aphunzitsiwa nkhani zawo n'zomwezomwezo chaka ndi chaka."

"Kulikonse n'chimodzimodzi," ndinatero. Sindinkanama ayi.

Pamene ngalande imakhota pali thabwa lowolokera, lakuda, loterera ndi mame. Aphunzitsi anatsogola akuligogoda ndi ndodo. Ine nditangopondapo, dzanja langa lamanzere linapita lokha kumbuyo, chikhatho chili m'mwamba, zala zikukodola. Mkazi wanga ankaliopa thabwa limeneli. Mayi wosaopa njoka, wosaopa ngakhale apongozi ake, koma akafika pamenepa ankatsinzina n'kundigwira zolimba, amvekere, "Mukandigwetsa, bambo, muzidziphikira nokha."

Ndinadzidzimuka ndili pakati pa thabwa, dzanja lili m'malere, anzanga akuona. Manyazi anandigwira, ndipo chichokereni kumanda panalibe china chimene chinandigwirapo. Ndisanalibweze dzanjalo, wina analilandira.

Linali dzanja lalikulu, lofunda, lokhakhala pamene pamadutsa sizasi. Anali Atelala, munthu amene masiku onse amawoloka pamenepo akuimba mluzu, manja ali m'thumba.

"Tiyeni," anatero chapansipansi. "Musandigwetse."

Chisanu chonse cha m'mawawo chinandilowa nthawi imodzi, m'mawondo, m'mano, ndipo pakhosi panga panatuluka mawu oipa ngati a ng'ombe. Ndinkamufuna mkazi wanga. Ndinkamufuna pomwepo, kumbuyo kwangako, ndi mantha ake omwewo. Kutsidya, Aphunzitsi anavula chipewa n'kutembenukira kuminda ngati kuli choti aone.

"Nyumba ija asaitseke," ndinatero mawu atabwerera. "Mukamuuze mwanayo. Mukadali fungo la mayi ake."

"Mukamuuza nokha, pakamwa muli napo," anayankha Atelala. "Liraniko, achimwene, koma tiziyenda. Thabwali silinapangidwire madoda awiri."

Sindinasunthe, ndipo iwo sanandisiye. Thabwa linawerama pang'onopang'ono mpaka madzi anayamba kutilowa m'nsapato.