Tsiku Limene Galimoto ya a Brandsma Inayenda

Ntchito yanga kwa a Brandsma inali yosamalira magalimoto osayenda. Sikuti anali akufa ayi. Onse khumi ndi anayi anali amoyo, mainjini abwinobwino, koma ankangokhala m'chinyumba chachikulu kuseri kwa nyumba yawo, momwe kale munkagona ng'ombe. A Brandsma analemera ndi mafakitale a mkaka waufa. Khola lija analikonza, pansi anayala matailosi oyera, n'kuikamo makina oyamwa chinyezi. Ine ndi mkazi wanga Jitske tinkakhala m'kanyumba ka pageti. Kanyumbako kanali kawo, kankayendera limodzi ndi ntchito.

Lachiwiri lililonse ndinkavala magolovesi oyera n'kukankha galimoto iliyonse pang'ono, mwina phazi limodzi, kuti matayala asaphwere mbali imodzi. Sabata yotsatira ndinkaibwezera pomwe inali. Ndikatero ndinkalemba m'buku. Galimoto iliyonse inali ndi buku lake, masamba ake oikidwa manambala, ndipo chilichonse chochitika pa galimotoyo chinkalembedwa ndi inki: tsiku, chimene chachitika, dzina la wochitayo. Anthu ogula magalimoto oterewa amayamba awerenga bukulo asanasuzumire n'komwe injini. Akapeza tsamba limodzi lasowa, amatseka buku n'kumapita.

Ndine makaniko. Sukulu ndinasiya ndili ndi zaka 15. Koma zaka 17 zimene ndinakhala kwa a Brandsma, sipanala ndinkaigwira mwa apo ndi apo. Chida changa chachikulu chinali kansalu kopukutira.

Galimoto imene a Brandsma ankainyadira kwambiri inali yobiriwira, ya mipando iwiri, yotchedwa Tjalma. Anapangidwa asanu ndi awiri okha, konkuno kwathu, m'galaja ya abale awiri imene inatsekedwa ine ndili mwana. Ena aja anachita ngozi, ena anadyedwa ndi dzimbiri. Iyi anaigula yatsopano dokotala wina amene anamwalira chaka chomwecho, mkazi wake n'kuitsekera zaka makumi atatu. Pa mita ya mtunda panali 994. Kukabwera alendo, a Brandsma ankawaweramitsa pazenera la galimoto.

"Taonani nambalayo. Zaka 60, koma sinafike 1000."

Alendo ankagwedeza mitu, matambula a vinyo ali m'manja. Sindinamvepo ngakhale mmodzi akufunsa kuti kodi imalira bwanji.

Thupi la galimotoyo anasula ndi a Harmen, amene anandiphunzitsa ntchito. Anali ndi zaka 22 pamene ankamenya malata a Tjalma ndi nyundo yamtengo pa thumba la mchenga. Abale aja sankalola wosula kukwera galimoto ya kasitomala, ndiye onse asanu ndi awiri anatuluka pageti a Harmen akungoyang'ana, manja ali bii.

Chaka chimene ndikunenachi anali ndi zaka 82 ndipo maso anali atatsala pang'ono kuferatu. Mwana wawo Aukje anali atawapezera malo ku nyumba ya okalamba kufupi ndi kwake, kutali ndi kuno, ndipo ankanyamuka Lolemba. Lachinayi ndinapalasa njinga kukawatsanzika. Ndinawapeza atakhala pakati pa makatoni, khofi ali pampando chifukwa tebulo linali litapita kale.

"Iwe mnyamata," anatero. Ine wa zaka 59, imvi mutu wonse. "Akuti bwana wako akugulitsa ngolo yanga."

"Akugulitsa. Mwezi wamawa ikupita ku okushoni."

"Wogulayo akaitsekeranso."

"Akaitsekera."

Anamwa khofi. "Chitseko chakumanja chinandivuta. Ndinachimenya masabata atatu, chikukanabe kukhala bwino m'mwambamu. Mpaka lero sindidziwa ngati chimaliza mluzu galimoto ikathamanga. Chimaliza?"

"Sindinaiyendetsepo, a Harmen."

"Zaka 17?" Anatembenukira komwe kunali mawu anga. "Kodi ndinaphunzitsa makaniko kapena wopukuta mbale?"

Sanandipemphe kanthu. Sanali munthu wopempha. Koma ndikupalasa kubwerera, mawu aja anali kundiwotcha m'makutu.

Lachisanu ndinakawapeza a Brandsma m'khola muja akujambula Tjalma ndi foni. Ndinawafotokozera zonse.

"Makilomita anayi okha, bwana. Ikhalabe pansi pa 1000."

"Ngakhale imodzi, Douwe. M'kabuku ka okushoni asindikiza kale 994. Mkuluyo abwere adzaigwire, umupatse magolovesi. Akafuna kukhala pampando, uyale nsalu."

"Akufuna aimve ikuyenda."

"Nanenso sindinaimvepo, chonsecho ndi yanga."

Ananena monyadira, ngati munthu amene wakwanitsa kusiya fodya. Kenako anandiuza kuti mawa akupita ku Germany kukaona magalimoto a mnzawo, abwera Lolemba.

Loweruka m'mawa Jitske ankadula buledi ndi tchizi, akundiyang'ana cham'mbali.

"Mukachita zimene ndikuziona pankhope panuzo, tikakhala kuti?"

"Kwa mng'ono wako ku Dokkum kuli chipinda."

"Ndi agalu ake atatu aja." Anaika mpeni pansi. "Inu a Douwe, penshoni yatsala zaka zingati? Chabwino, mutu wanuwo ndimaudziwa, sutembenuka. Koma bwanji osangomasula kawaya ka mita? Mupite, mubwere, mumangenso. Adziwa ndani?"

Sankanama. Kuseri kwa mita kuli kawaya kochokera ku giya, ukakamasula manambala amaima ngakhale uyende mpaka ku Paris. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Makaniko aliyense amazidziwa, ndipo alipo ambiri m'malonda amenewa amene amadyera pomwepo. Ineyo ndinayesapo kamodzi, ndili ndi zaka 17, kasitomala wina atandilonjeza ya mowa. A Harmen anandipeza mutu uli pansi pa chiwongolero. Anandikoka mwendo n'kundiomba mbama imene ndimaimvabe kukazizira. Anati galimoto yonama mtunda imakapha munthu wosalakwa, wokhulupirira kuti mabuleki akadali atsopano.

"Ndiye ndikawanyamule pa galimoto yonama?" ndinafunsa.

Jitske anadula keke ya uchi zidutswa ziwiri n'kukulunga papepala.

"Musakadyere m'kati," anatero. "Muli nayo kale milandu yokwanira."

M'mawa wonse ndinagwira ntchito ya umakaniko weniweni. Ndinasintha oyilo, ndinathira petulo watsopano, ndinaika batire, ndinayesa mabuleki tayala lililonse. Magolovesi ndinawasiya pa msomali. Nditapotokola kiyi koyamba inangokhosomola. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inagwira, utsi wabuluu n'kudzaza khola lonse, magalimoto ena aja ali duu ngati anthu a m'tchalitchi wina akayetsemula.

Ndinamuimbira foni Aukje, ndipo anabweretsa bambo ake pageti cha m'ma 11 koloko. A Harmen anali atavala jekete la ku maliro. Sanalowe msanga. Anayendetsa chikhato pa chitseko chakumanja kuyambira pansi mpaka m'mwamba, n'kuima pakona.

"Apa," anatero. "Apa ndi pamene panandilizitsa."

Tinatenga msewu wa m'mbali mwa chimulu chotchinga nyanja, wowongoka uja. Ndinayamba pang'onopang'ono kuti injini itenthe. Chiwongolero chinali cholimba, giya yachiwiri inkakana, matayala ankagunda ngati ali ndi mfundo. Patapita kanthawi zonse zinayamba kumasuka. Nkhosa za pachimulu zinkadzutsa mitu. Ine diso limodzi linali pamsewu, lina pa mita. 997. 998. Pa 999 panali malo abwino otembenukira, pageti la mlimi wina, ndipo phazi langa linachoka lokha pa moto.

"Wachepetseranji?" anafunsa a Harmen.

"Yatsala imodzi."

"Giya yachinayi waigwira?"

"Ayi."

"Ndiye sitinayambe."

Ndinaponda. Manambala anayi onse anagudubuzika limodzi, pang'onopang'ono, atatu aja n'kukhala mazilo. Palibe chinaphulika. Injini sinadziwe n'komwe. Ndinalowetsa yachinayi, muvi unakwera kufika 80, kenako 100, galimoto n'kukhazikika pamsewu ngati yakhala ikuchita zimenezi tsiku lililonse.

"Khala chete," anatero a Harmen, ngakhale sindinkayankhula.

Anatsamiritsa khutu pa chitseko chawo, maso atatsinzina. Tinayenda choncho mwina kilomita yathunthu. Kenako ndinamva kamluzu kakang'ono, koonda, ndipo mtima unandigwa. Koma iwo anayamba kuseka, mapewa akugwedezeka.

"Ukukamva? Si kwanga kuno. Ndi chako icho, chakumanzere. Anamenya ndi Sybren, mnzanga wa m'galaja muja. Ankathamangira kukaona chibwenzi chake ku Harlingen. Ndinamuuza ine kuti chitseko chimenecho chidzaimba, iye amvekere ndiwe mwana." Anamenya chitseko chawo ndi chikhato. "Changachi chili zii. Ponda, mnyamata, timumve bwino Sybren."

Tinakaima padoko la asodzi n'kudya keke ija titatsamira mpanda. Anthu anaizungulira galimoto. Mayi wina wogulitsa nsomba anafunsa kuti ndi ya dziko liti, a Harmen anati ndi ya kuseri kwa tchalitchi chakale, ndipo anamugwira dzanja n'kumuyendetsa pakona paja. Palibe anavala magolovesi.

Titabwerera, mita inali pa 1031. Aukje anatenga bambo ake. Ine ndinatsuka matope, ndinachotsa tizilombo tofera kutsogolo, n'kuibwezera pamalo pake. Ndiye ndinatsegula buku lake, tsamba 63, n'kulemba ndi inki tsiku, oyilo, petulo, batire. Pansi pake ndinalemba kuti: Yayenda makilomita 37. Woyendetsa, Douwe Rinsma, popanda chilolezo cha mwini wake. Wokwera, Harmen Algra, amene anasula thupi lake. Chitseko chakumanzere chimaliza mluzu pa 100, chakumanja ayi.

Lolemba a Brandsma sanachite kuuzidwa. Fungo la utsi linali lisanathe m'khola. Anapita molunjika pazenera la Tjalma, anawerama, ndipo anakhala chiweramire nthawi yaitali. Sanakalipe. Si anthu okalipa.

"Ukudziwa chimene wandichita, Douwe?"

"Ndikudziwa, bwana. Ndinatenga galimoto yanu mutandikaniza."

"Sukudziwa. Galimoto yothamanga ndingagule mawa, khumi ngati ndikufuna. Aliyense wandalama angagule. Anzanga onse aja ali ndi zofiira, zasiliva, zothamanga kuposa iyi. Koma panalibe mmodzi amene anali ndi ya zaka 60 yosafika 1000. Ndinali ndekha. Ukaiyendetsa imasanduka galimoto basi, ngati ya aliyense."

"Ndiye munagula nambala, bwana. Galimotoyi inangobwera nayo."

Anandiyang'ana. Kenako anatsitsa mawu, ngakhale tinali awiri okha.

"Ubweze. Ndikudziwa umatha. Ifike pa 994 pomwe inali, tiiwale. Ukhalabe m'nyumba muja mpaka penshoni, ine sindidzaitchulanso nkhaniyi."

Ndisaname, ndinaganiza za Jitske ndi maluwa ake a pakhomo, ndi agalu atatu a ku Dokkum. Ndinatenga buku pashelefu n'kuwapatsa litatsegulidwa. Anawerenga kawiri. Anagwira tsambalo pakona ngati akufuna kuling'amba, ndiye anaona nambala 63 pamwamba, ndi 62 mbali inayo. Lamulo la inki ndi masamba a manambala analiika ndi iwo omwe, tsiku limene ndinayamba ntchito.

"Wachita dala."

"Ndalemba zimene zachitika. Ndi zimene munandilembera ntchito."

"Ndikhoza kupeza wina wobweza mita."

"Mukhoza. Koma si ine, ndipo wa ku okushoni akandifunsa ndimuuza zomwe zili m'bukumo."

Anatseka buku. "Mwezi ukamatha ukhale utatuluka m'nyumba yanga."

"Tituluka Lachisanu, bwana. Makatoni a Harmen atsala ambiri."

Ndinaika makiyi a khola pa tebulo, magolovesi pamwamba pake. Ndili pakhomo ndinawauza kuti Lachiwiri asaiwale kukankha enawo phazi limodzi, ndiponso kuti giya yachiwiri ya Tjalma imafuna kuinyengerera ikakhala yozizira.

Galimoto inali yawo, zimenezo sindikana, ndipo sindinapite kukadandaula kulikonse. Koma kupepesa sindinapepese. Panopa tili ku Dokkum, m'chipinda cham'mwamba, ndipo Jitske akakwiya ndi agalu amandiuza kuti ndikawayendetse makilomita 37. Ndimagwira ganyu kwa munthu wina wokonza mathalakitala. Zikhadabo zanga zadanso.

A Harmen amandiimbira foni Lamlungu lililonse. Akuti okalamba anzawo onse atopa nayo nkhani ya chitseko cha Sybren, mpaka ena amatha kuliza kamluzu kaja akawaona akubwera ku chakudya. Za Tjalma ndinangomva kuti inagulidwa, sindidziwa ndi ndani. Koma aliyense amene ali nayo, asanasuzumire injini anayamba wawerenga tsamba 63.