Wailesi ya pa Chithunzi cha Lackson

A Nasibu a ku Mpama ankajambula zithunzi komanso kukonza mawailesi. Kujambula ankakhoza ndithu. Za mawailesi tisanene zambiri.

Kamera yawo inali ndi magalasi awiri osinthanitsa. Lakale anawasiyira mzungu wa ku esiteti, ndipo m'kati mwake munali chifunga chosachoka. Aliyense wojambulidwa nalo ankatuluka nkhope yosalala ngati ya khanda. Latsopano linabwera mu 1983 ndi mphwawo wochokera ku Joni. Limenelo linalibe chisoni: ziphuphu, zigamba, ngakhale ntchentche, zonse poyera.

Lackson, mnyamata wolima nandolo, ankafuna Ellina wa ku Nchema mpaka kuwonda naye. Amalume ake a mtsikanayo, a Dominiko Kalinde, ananena kuti ayambe aona chithunzi cha mkamwiniyo asanamulole kuponda pakhomo. Tsono masiku amenewo munthu sankajambulitsa chimanjamanja. A Nasibu anam'bwereka jekete, natenga wailesi yaikulu pa mulu wa zodikira kukonzedwa n'kumukoleka paphewa.

"Lakale likukhalani bwino, achimwene," anatero a Nasibu. "Limasunga chinsinsi."

"Jambulani ndi onse awiri, ndisankha ndekha."

Zithunzi zitabwera kotsukidwa ku Limbe, anaziyala pabenchi. Pa cha galasi lakale Lackson anali wokongola zedi, koma wailesi inkangooneka ngati njerwa. Pa chinacho makutu ake anaima ngati zogwirira poto, koma wailesi! Mabatani onse ankawerengeka.

"Akufuna kuona chuma, osati makutu," anatero Lackson, natumiza chatsopanocho.

Loweruka lake a Dominiko anatulukira pa njinga, thukuta kamukamu, chithunzi chili m'manja. Anapeza Lackson ali pakhonde la a Nasibu, kudikira yankho mtima uli m'mwamba.

"Ndinu a Lackson? Wailesi iyi njanu?"

"Eya, bambo. Ndinagula ku Limbe."

"Ndiye munagula ndi dzina langa lomwe?"

Analoza pakona pa chithunzi. Pamenepo panali timalemba tokanda ndi msomali, tooneka bwino lomwe: D. KALINDE. Wailesiyo anaisiya kwa a Nasibu miyezi isanu yapitayo, ndipo ulendo uliwonse ankauzidwa kuti ili ku Limbe kwa akatswiri.

A Nasibu anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo sizinamwe madzi, nazimiririka kuseri.

A Dominiko analowa okha, natenga wailesi yawo, yosalira chimodzimodzi, n'kuimangirira pakaliyala.

"Makutuwo tikanapirira nawo," anatero akukwera njinga. "Kwathu aliko oposa pamenepa. Koma bodza ayi."

Lackson anamva chisoni chenicheni, misozi ili lengelenge. Ellina anakwatiwa chaka chomwecho ndi telala wa ku Likoswe. Lackson anatsala ndi chithunzi cha galasi lakale, chimene anachikhoma kuchipinda. M'chifunga chimenecho iye akadali mnyamata wokongola wokhala ndi wailesi.