Wakunja Ayambire Patsogolo

Chisamba anamenyetsa kalatayo patebulo mpaka kapu ya tiyi inagwa. Panali patapita masiku anayi chiikireni bambo awo m'manda, ndipo kalatayo, yolemba okha malemuwo, inkati nyumba ikhale ya mlongo wake wamng'ono.

"Munthu wophunzitsa masamu zaka makumi atatu, n'kulephera kugawa nyumba imodzi pawiri?"

Mlongo wakeyo anangotola kapu ija. Ndiye amene anasiya sukulu ya unamwino kuti asamalire mayi awo, omwe anakhala chigonere zaka zisanu ndi ziwiri, pamene Chisamba ankadwazira pafoni. Koma mukanayerekeza kumukumbutsa zimenezo tsiku limenelo, mukanaona zakuda. Chisamba anapinda mapepala a nyumbayo, n'kuwalowetsa m'thumba la jekete, nati akaonana kwa loya.

Masana anapita onse awiri kukatenga katundu wa bambo awo kusukulu. Panalibenso zambiri: kope, chingwe choyezera ndi chitini cha laimu. Akudutsa pabwalo la masewera, Chisamba anaima. Wosamalira bwalo anali atajambula poyambira mpikisano wozungulira bwalo kamodzi, mzere umodzi wowongoka kudula njira zonse zisanu ndi imodzi.

Mkwiyo wonse wa m'mawa uja unapeza pogwera. Chaka chilichonse bambo awo ankatulutsa kalasi yonse pabwalo limeneli, iyenso ali mwana ankamukokera komweko, dzuwa likuswa mtengo, kuti ana ayeze okha ndi chingwe n'kuona kuti njira yakunja ndi yaitali. Njira iliyonse imaposa inzake yam'kati ndi mamita pafupifupi asanu ndi atatu. Nthawi imeneyo ankadana nazo koopsa, koma sanaiwale.

Wosamalira bwaloyo anadandaula kuti malemu aphunzitsiwo ndiwo ankajambula, iye anangofuna kuti ana onse ayambire pamodzi, pasakhale wodandaula.

"Pamodzi pa chiyani? Wakunjayo mwamugonjetsa kale asanathamange n'komwe."

Chisamba anafufuta mzerewo ndi nsapato zake zodula. Kenako anaponyera mlongo wake nsonga ya chingwe, n'kumulamula kuti alowe m'njira yachiwiri. Anayeza, anathira laimu, n'kumusunthira m'njira yachitatu.

"Pita patsogolo. Pitabe, iwe."

Atafika pa njira yomaliza, anadzutsa mutu kuti amukalipirenso. Mlongo wake anali ataima kutali, yekhayekha kunja kwenikweni, atagwira chingwe ndi manja awiri. Anali ataonda kwambiri, ndipo Chisamba anali asanazione mpaka pamenepo. Manyazi anamugwira, ndipo zinamukwiyitsa kuti bambo ake amupezabe ngakhale ali m'manda.

Anayenda ndi chitini chija n'kujambula mzere pamapazi a mlongo wake. Anatulutsa mapepala a nyumba aja, n'kuwapana m'kope la bambo awo, n'kuika kopelo m'khwapa mwa mlongo wakeyo.

"Koka chingwecho," anatero osamuyang'ana. "Bambo sankafuna chikhale chokhwefuka."