Mutu Umene Anafuna Kuudumpha

Gulu la amayi owerenga mabuku linkakumana Loweruka lomaliza la mwezi, mu shopu ya Atelala. Nthawi ikayandikira, Atelala ankavindikira makina osokera, kukankhira tebulo lodulirapo nsalu kukhoma, n'kuika mipando mozungulira. Wochedwa ankakhala pathumba la zidutswa za nsalu.

Atelala ndiwo anayambitsa gululi, ndipo ndiwo linkawadwalitsa mutu. Mabuku sankavuta kupeza. Chovuta chinali choti anthu alankhule. Akafunsa kuti, "Mwaliona bwanji bukuli?" aliyense ankangoti, "Labwino." Kenako Aphunzitsi, amene anapuma pantchito kalekale, ankavala magalasi n'kuyamba kufotokoza buku lonse kuyambira tsamba loyamba, ena akusuzumira mafoni m'zikwama. Atelala anayesa kuloza munthu mmodzimmodzi. Anayesa kugawira aliyense munthu wa m'nkhaniyo woti amuikire kumbuyo. Zinkathandiza mwezi umodzi, wotsatira n'kubwerera pomwe paja.

Buku la mwezi umenewo linkakamba za mayi amene mwamuna wake anamuthawa n'kukakhala ndi mkazi wina. Patapita zaka mwamunayo anabwerera akudwala, ndipo mayiyo anamutsegulira chitseko n'kumudwazika mpaka kumwalira. Atelala analisankha dala, poona kuti likhoza kuutsa mkangano. Koma anthu ali mkati mowerenga, amuna awo a Anesi, mmodzi wa amayi a m'gululo, analongedza zovala n'kusamukira kwa mkazi wina wa kuntchito kwawo.

Atelala anamva nkhaniyi kwa mlamu wawo, mkazi wa achimwene awo, amene ankasita zovala mu shopumo ndipo nayenso anali m'gululo.

"Alamu, buku lija tilisinthe," anatero mlamuyo, simbi ili m'manja.

"Tisinthe anthu atamaliza kale? Aphunzitsi atidya amoyo."

"Ndiye mukufuna munthu adzalire pamaso pathu?"

Atelala anaiganizira nkhaniyi tsiku lonse, mpaka anasoka kolala chagada. Madzulo anaimbira foni amayi onse kupatulapo Anesi. Anawapempha kuti Loweruka adzakambe za kalembedwe, za ana a mayiyo, za chilichonse, koma mutu umene mwamuna akubwerera adzaudumphe. Onse anavomera. Aphunzitsi okha anangoti, "Hmm," n'kudula foni.

Loweruka Anesi anafika akuchokera kuntchito, maso atatupa pang'ono, buku lawo litadzaza matikiti a basi oika m'masamba. Anakhala pafupi ndi chitseko.

"Tiyambe ndi chikuto," anatero Atelala.

Anakamba za chikuto. Wina anati mtundu wake ndi wokongola, wina anati zilembo n'zazing'ono. Aphunzitsi anadandaula kuti ziganizo zina n'zazitali. Mlamu uja anayamikira galu wa m'nkhaniyo, ati anali wokhulupirika. Atangotchula mawu akuti wokhulupirika anadzigwira pakamwa n'kuyang'ana pansi.

Anesi anatseka buku lawo.

"Pepani amayi, kodi tawerenga buku limodzi? Langali muli mwamuna."

Anawayang'ana mmodzimmodzi, n'kufunsanso.

"Wakuuzani ndani kuti musamutchule?"

"Ndine," anatero Atelala. "Ndimaopa kuti zikupwetekani."

"Zikundipweteka kale, simungawonjezerepo. Kuntchito ndikalowa m'chipinda chomwera tiyi anthu amasintha nkhani. Achemwali anga amaimba foni m'mawa ndi madzulo kufunsa ngati ndadya. Ndimati kuno kokha ndikapeza anthu okangana nawo. Bukuli ndawerenga mpaka ndaliloweza, ndiye mundiuze za galu?"

Atelala anachita manyazi. Anafuna kupepesa, koma anaona kuti Anesi sakudikira kupepesa. Anawongola msana.

"Chabwino. Mayiyu analakwa kapena sanalakwe kutsegula chitseko chija?"

"Analakwa," anatero Anesi msangamsanga. "Munthu anakusiya ndi ana, wakadya mphamvu zake kwina, wakubweretsera mafupa okhaokha, iwe n'kumamutenthetsera madzi osamba? Mayiyu ndi chitsiru, ndipo wolemba bukuyu akufuna timuombere m'manja."

"Ayi, si chitsiru."

Amene analankhula anali Aphunzitsi. Magalasi anali atavula, ndipo buku silinali lotsegula.

"Ine ndinatsegula. Bambo a ana anga anachoka mwana womaliza akukwawa, anabwerera mwanayo atamera ndevu. Anafika pa taxi, akulephera kutsika okha. Ndinawalowetsa."

Ngakhale Atelala, amene anasokera Aphunzitsi zovala kwa zaka zambiri, sankaidziwa nkhaniyi.

"Munkawakondabe?" anafunsa Anesi.

"Ayi. Ana anandipempha. Komanso ndinkafuna agone chagada aziyang'ana denga limene ndinakhoma ndekha."

"Ndiye munapindula chiyani?"

"Palibe. Msana umandipweteka mpaka lero. Koma sindinali chitsiru, ndinkadziwa chimene ndikuchita. Nayenso mayiyu ankadziwa. Werengani bwino pamene akuima kaye pakhomo asanatsegule."

"Ndawerenga. Ankaopa aneba."

"Aneba sanatchulidwe patsamba limenelo, mwana wanga."

Masamba anayamba kuphethira. Wina anapeza pamene aneba atchulidwa, wina anati pamenepo ndi tsiku lina. Mayi wina amene chilowereni m'gululo ankangoti "labwino" anaimirira n'kunena kuti wolakwa weniweni ndi mkazi wachiwiri uja, amene anabweza wodwala ngati katundu wowonongeka. Anesi anakana, ati mkaziyo ndi yekhayo amene anali ndi nzeru m'buku lonse. Anthu anayamba kulankhula nthawi imodzi, ndipo Atelala, amene kale ankachita kupempha anthu kuti atsegule pakamwa, anatenga sizasi n'kumagogoda patebulo.

"Mmodzimmodzi! Alamu, inu mukanatani?"

"Ine ndikanatsegula windo lokha," anatero mlamu uja. "Mankhwala n'kumaponyera pomwepo."

"Mukunena achimwene angatu inu."

"Akauzeni, adziwiretu."

Onse anaseka, ndi Anesi omwe. Kuseka kwa Anesi kunathera m'misozi. Mlamu uja anawapatsa kachidutswa ka nsalu kochokera m'thumba lija, iwo anapukuta maso n'kupitiriza mfundo yawo pomwe anasiyira. Palibe anawagwira paphewa, ndipo palibe anasintha nkhani.

Sanagwirizane. Anabalalika dzuwa litapendeka, Aphunzitsi ndi Anesi akukanganabe mpaka positeji ya basi.

Kuyambira tsiku limenelo Atelala anasiya kufunsa ngati buku ndi labwino. Ankangosankha chinthu chimodzi chimene munthu wa m'nkhani wachita n'kufunsa ngati analakwa. Anasiyanso kuimbira anthu foni msonkhano usanachitike. Misonkhano ina inkazizirabe, makamaka buku likakhala loti anthu salimaliza, koma Aphunzitsi anasiya kufotokoza kuyambira tsamba loyamba chifukwa tsopano panali wowadula mawu.

Amuna awo a Anesi sanabwerere. Ukwati unatha, ndipo Anesi anasamukira m'nyumba yaing'ono pafupi ndi kuntchito. Kugulu sanajombe ngakhale kamodzi, koma nkhani ya mafoni ija sanaikhululuke msanga. Mwana wa achemwali awo atamaliza sukulu, Anesi anadzigulira nsalu ya diresi yokavala kuphwando n'kukaipereka kwa telala wina wa tsidya la msewu, moyang'anizana ndi shopu ya Atelala. Diresiyo inatuluka yothina m'khwapa. Anaivala choncho.