Nsimbi ya Miyezi Inayi

Zaka makumi atatu ndi zisanu aWaya anazithera pakhonde la sitolo ya njinga, akukonza nsimbi, mawailesi ndi maketulo. Maso atayamba kuchita chidima, mwana wawo wamwamuna anawatenga kuti azikhala naye, koma ndi lamulo limodzi: m'nyumba muno musatsegule chilichonse chamagetsi. Mukadzangotsegula, bokosi la zipangizo lichoka. Bokosilo ndi lokhalo limene linawatsalira pa ntchito yawo yonse, ndipo linkagona kunsi kwa bedi lawo.

Lolemba m'mawa nsimbi ya apongozi awo, mkazi wa mwana wawoyo, inazima ili pakati pa malaya. Inali ndi miyezi inayi yokha. Apongoziwo anaigwedeza, anaimenya m'mbali, kenako anaisiya patebulo n'kuthamangira kuntchito.

AWaya anaiyang'ana mpaka dzuwa linafika pamutu. Ataitukula anachita tsinya, yopepuka ngati kapu yopanda madzi. Nsimbi ya nthawi yawo ukaigwetsa, simenti ndiyo inkang'aluka.

"Ndingosuzumira basi," anadziuza akukoka bokosi.

Masikuluwu ake anali a mitu ya ngodya zitatu, dala, kuti chitsulo cha mmphawi chisalowemo. Opanga zinthuzi si ana, amadziwa chimene akuchita. AWaya anatenga tupa n'kupala sikuludiraiva yawo yakale mpaka inakwana. Sikuluwu yomaliza inabisala pansi pa kapepala konyezimira, kolembedwa timalemba tonga nyerere. Anangokaboola osawerenga.

M'katimo munalibe choti munthu n'kulemekeza. Timawaya tonga tsitsi, ndi kafyuzi kamodzi kopsa, kamene opangawo anakaikamo dala kuti kakafa, nsimbi yonse ikhale maliro. Anasankha kena m'kachitini kawo, kuwotcherera, kutseka. Madzulo anailumikiza kumagetsi, kunyowetsa chala ndi malovu, kukhudza. Tsss! Anasita malaya awo oyera n'kuwavala, ngakhale kunalibe kopita.

Apongozi analowa atanyamula pepala m'manja.

"Bambo, nsimbi ija ili kuti? Lisiti ndalipeza. Kusitolo akuti ndipite nayo mawa, akandipatsa yatsopano."

"Yatsopano ya chiyani, mayi? Iyi yachira. Taonani kolala."

Apongozi anaitembenuza nsimbiyo.

"Mayo ine! Kapepala aka mwaboola ndinu? Anandiuza kuti kakangong'ambika, galanti yathera pomwepo!"

"Galanti ndine. Yatsopanoyo nayonso ifa pa miyezi inayi."

"Ikanafa ndikanakasinthanso, bambo! Anatipatsa chaka chathunthu."

"Ndiye muzingoyenda ulendo wa kusitolo ngati mwakwatiwako?"

Mwana wawo anali ataima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja. Zonse anazimva.

"Ababa, tinapangana chiyani?"

"Iwe, sukulu unaimaliza ndi nsimbi za anthu. Lero ukundifunsa ngati wapolisi?"

"Maso anu saonanso bwino. Tsiku lina mudzatiwotchera nyumba, ana ali m'kati."

"Ilumikize uone. Sita thalauza lakolo, lachita makwinya ngati nkhope yanga."

Mwanayo sanailumikize. Analowa kuchipinda kwa bambo ake, ndipo aWaya anamva bokosi likukhwekhwerezedwa pasimenti, mapulayala ndi masipanala akulira m'kati. Pawindo anaona buti ya galimoto ikutsekedwa.

"Ukupita nalo kuti?"

"Kuli anthu ogula zitsulo zakale. Inu muzipuma, ababa, mwagwira kokwanira."

Kupuma. Mawu amene amauza munthu akafuna kumuika pakona ngati tsache lotha.

Atabwerera m'nyumba, mwanayo anatenga sizasi ya kukhitchini, nadula chingwe cha nsimbi pafupi ndi mchira penipeni, kuti wina asadzaiyese. Anaiponya mu bini ya pakhonde, pamwamba pa makoko a mazira.

Onse atalowa kukaonera TV, aWaya anatuluka mwakachetechete, naika dzanja m'binimo. Chitsulo chake chinali chikadali chofunda.