Nsapato za Bambo Chalwe

Marjory anakankhira nsapato za bambo ake kuseri kwa thumba la makala, n'kupukuta manja pachitenje. Mtima wake sunali m'malo. Dzulo lake Dyness, mnzake wa kukwaya, amene pakamwa pake sipagona nkhani, anamuimika pampopi azimayi a mu Matero akumva.

"Iwe Marjory, batate bako banangena vya Satana, suziba? Banabaona kwa Muchaina uja bakugwadila utsi."

Nkhaniyo inali ndi poyambira. Kampani ya mabasi itatsekedwa, Bambo Chalwe anabwerera kunyumba alibe ntchito, ndipo pasanapite nthawi akazi awo anamwalira. Anangodzikhalira pampando wa pakhonde, miyendo kutupa, mawu kutha. Kenako mnzawo wina wakale anawatengera kwa nkhalamba Liu, bambo wa mwini sitolo ya kuseri kwa msika. Kumeneko okalamba ankafukiza lubani, kukhala chete, kupuma mozama ndi kuyendetsa thupi pang'onopang'ono. Ankati ndi njira ya Dao. Miyendo inaphwa, chakudya chinayamba kulowa, koma Marjory ankaopa kuti thanzi lotere lili ndi mwini wake amene adzabwera kudzatenga mzimu wa bambo ake.

"Nsapato zanga zili kuti?" anafunsa Bambo Chalwe akusuzumira kunsi kwa bedi.

"Sininazione, batate. Nkalani chabe pansi, nipange tiyi. Bantu baseka, ati muvina monga nkono."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Pansi nankalapo kale. Mupando uja unasala pang'ono kunipeleka ku manda ku Chingwere."

Marjory anatuluka panja. Anapita kukakoleza mbaula. Pobwera ndi kapu ya tiyi anapeza mpando uli wokha, geti ili pululu. Pafumbi panali mapazi a munthu wopanda nsapato.

Anafukula nsapato zija n'kuyamba liwiro. Anadutsa ogulitsa zovala zakale za salaula, kulumpha ngalande, maso ali pansi poona mabotolo osweka m'njira monse. Bambo akewa chaka chatha ankalephera kufika pageti popanda kuwagwira dzanja.

Pakhomo la kuseri kwa sitolo panali mzere wa nsapato ndi mapatapata a okalamba. Fungo la lubani linamuwomba, ndipo anatchula dzina la Yesu chamumtima. Anasuzumira pampata wa malata. Bambo ake anali ataima ndi mwendo umodzi, manja ali m'mwamba, chala chachikulu cha kuphazi chikuchucha magazi. Pambali pawo gogo wina anadzandira n'kugwira phewa la nkhalamba Liu, onse n'kutsala pang'ono kugwa. Bambo Chalwe anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kuseka kumeneko Marjory anakumva komaliza amayi ake ali moyo. Mantha sanamuchoke, koma manyazi anamugwira kwambiri kuposa manthawo. Anapukuta makala pansapatozo ndi nsonga ya chitenje, n'kuziika kumapeto kwa mzere uja.

Pobwerera anapeza Dyness atatsamira mpanda wa kumpopi, maso ali kunjira.

"Nanga wabasiya kuti? Sunabatenge?"

"Bazabwela beka," anatero Marjory osaima. "Mendo bali nayo."