Makina Akuda pa Msewu wa kwa Chiwalo

Nickson anasankha dala kuyenda dzuwa lili paliwombo, chifukwa masiku amenewo madzulo sanali abwino kwa munthu wachilendo. Unali mwezi wa Okutobala, mphekesera ya anamapopa itagwira Phalombe yense pakhosi. Aliyense anali ndi msuweni amene mnansi wake anapopedwa magazi. Woti anaona ndi maso ake sankapezeka, koma ukanena zimenezo mokweza unkangodziputira.

Iyeyo anali ndi kashopu ka magemu pa Migowi, kuseri kwa malo ometera: ma TV awiri, mabenchi atatu ndi makina awiri a gemu, oyera ndi akuda. Akudawo anali atabwereketsa mnzake wina, mphunzitsi wa kwa Chiwalo amene anathyoka mwendo pa mpira n'kumangogona osachita kanthu. Tsikuli n'kuti akubwerera nawo, atawaika m'chikwama chakumsana, iye atakhala kumbuyo kwa njinga yamoto ya kabaza ya Dyson.

Atangodutsa kamlatho kena anapeza chipika cha bulugamu chitagonekedwa pamsewu. Dyson anafuna kutembenuka, koma kumbuyo kunali kutatuluka kale amuna atatu m'nandolo, wina chibonga, wina chikwanje. Anazimitsa njinga.

Amene anabwera kudzachotsa kiyi anali bambo wamfupi wovala magambuti, amene anzake ankamutchula kuti a Jonasi. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinaopsa kwambiri. A Jonasi anamuzindikira Dyson, popeza ankadutsa msewuwo tsiku ndi tsiku, n'kumuuza kuti aime pambali.

"Inuyo achimwene, tsikani. M'chikwamamo muli chiyani?"

"Ndi gemu, bambo. Zoseweretsa za pa TV."

"Tsitsani tione zoseweretsazo."

Anazitulutsa chimodzichimodzi n'kuziyala pafumbi: makina akuda aja, mawaya okulungakulunga, mapadi awiri ogwira m'manja posewera, mahedifoni. Anthu anali akuchuluka, amayi ndi ana kumbuyo, azibambo makasu akadali m'manja. Chomaliza kutuluka chinali chikuto cha disiki. Munthu amene anajambula chikuto chimenecho, kaya ali dziko liti, Mulungu amukhululukire. Panali chimunthu cha maso ofiira chitagwira lupanga, magazi akudontha kunsonga kwake.

Chikutocho chinayenda dzanja ndi dzanja, osabwerera. Anthu anayamba kuyankhulana m'Chilomwe chothamanga, ndipo Nickson, amene Chilomwe chake chinali cha moni ndi kugula tomato, ankangotolamo liwu limodzi lokha, anamapopa. Anamukhazika pansi n'kumuvula nsapato kuti asathawe. Dothi linkaotcha mapazi.

"Rozaria, tabwera," anatero a Jonasi. Panatuluka mayi wachitsikana wowonda, chitenje atachimanga m'khosi. "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Dzana wadzuka ali lefu, mutu ukuzungulira, m'nyumba mukununkha mankhwala. Inu mwati mwakhala mukubwera kuno kuyambira liti?"

"Sabata yatha ndinangobweretsa makinawa kwa aphunzitsi, lero ndadzatenga. Aimbireni foni, chonde."

"Aphunzitsi ake omwewa obwera aja?" anafunsa wina, ndipo anthu anang'ung'udza. Nickson anazindikira kuti waika mnzake wa mwendo umodzi pamoto, n'kutseka pakamwa.

Ndi pamene anaona Goliati. Anaima kumbuyo kwa Rozaria, wamtali kuposa onse, atagwira mpini wopanda khasu. Nickson anangoti mtima phee, mpaka misozi inalengeza. Koma Goliati atakumana naye maso anayang'ana kuphiri la Michesi ngati kuli chachilendo.

Goliati ameneyu, abale, ndiye anali mwini phokoso pashopu ya Nickson. Tsiku la msika lililonse ankabwera ndi thumba la nandolo panjinga, kugulitsa m'mamawa, kenako n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Gemu imene inkawazunguza mitu inali ndi dzina lalitali lachizungu, koma pa Migowi ankangoti Malinga. M'gawo loyamba umakhala wankhondo wamakedzana, kukwera malinga a miyala ndi lupanga lokha kukamasula anthu ogwidwa ukapolo. Gawo lachiwiri litabwera, shopu inagawikana pakati. Nickson ndi anzake ankati n'lokoma, dziko lake n'lalikulu, muli hatchi, muli mfuti za gogodera. Goliati ankati n'zinyalala: anthu ake amangolongolola ngati msonkhano wa makuponi, hatchiyo imayenda ngati bulu wa pangolo, ndipo mfuti ndi za anthu amantha. Za makina ndiye osanena. Iye anali wa oyera, ankati padi yake imakhala m'manja ngati inabadwira momwemo, pomwe akudawo amalira ngati chigayo. Anakanganapo mpaka wometa kubwera ndi lezala m'manja kudzawaletsa.

Chimene Nickson ankadziwanso n'chakuti Goliati anali mkamwini m'mudzi muno, mwamuna wa Rozaria yemweyu, wobwera wa zaka ziwiri zokha. Kunyumba ankanena kuti amachedwa pamzere wa sikelo ya mavenda. Ndipo masiku amenewo anthu ankati anamapopa salowa m'mudzi okha, pamakhala wina wowalozera zitseko. Woyamba kumuganizira ankakhala mkamwini.

"Ngati n'choseweretsa, tiswe tione m'kati," anatero a Jonasi.

Nkhwangwa inabwera. Atatema kawiri kokha, makina aja anayasama. Munatuluka fumbi ndi mphemvu yakufa, kenako kafani. Nickson anapuma, poganiza kuti zatha, magazi mulibe. Koma munthu wa nkhwangwayo anasolola chitsulo china, ndipo pachitsulopo panali timapaipi ta kopa titatu, topindika bwinobwino, tofiirira.

"Mipope ija ndi imeneyi," anatero mayi wina chapansipansi.

"Ndi zoziziritsira, mayi. Makina akatentha..."

Chibonga chinamupeza paphewa, mawu n'kuthera pomwepo. Ana anawathamangitsira kunyumba. Nickson anaona mwamuna wina akutsegula thanki ya njinga ya Dyson, kulowetsamo kapaipi, kuyamwa, kulavula, petulo n'kuyamba kutsikira m'botolo la sobo. Dyson anangogwira mutu. Wina anali akugubuduza tayala lakutha kuchokera kuseri kwa nyumba. Nickson anamva kutentha kukutsika m'ntchafu, ndipo sanachite nako manyazi. Ankaopa kufa, ankaopa moto makamaka, ndipo m'mutu munkangobwera mayi ake atakhala pakhonde ku Migowi akusankha nyemba, osadziwa chilichonse.

"Goliati," anaitana, mawu akuthawa. "Goliati, auzeni anthuwa. Mumandidziwa."

Mitu yonse inatembenuka. Goliati anapukusa mutu.

"Sindimudziwa ameneyu. Dzina langa walimva pompano."

Botolo linali litafika pakati. Nickson anayang'ana munthu amene anakhala naye benchi imodzi miyezi isanu ndi itatu, ndipo pansi pa mantha paja panabwera ukali. Kupempha kunali kutakanika. Chimene chinatsala n'chimodzi chokha chimene ankadziwa za Goliati, choti munthuyu akhoza kupirira njala, akhoza kupirira apongozi, koma bodza la pa gemu sangalimeze.

"Bambo Jonasi, ndiloleni ndinene mawu awiri, kenako muchite zimene mwakonza." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Chithunzi chimene mwaonacho ndi gemu ya Malinga, gawo lachiwiri. Pa Migowi aliyense anavomera kuti limaposa loyamba. Ngakhale a makina oyera anagonja. Panali chimkulu china chachitali, chokonda makina oyera, chinkati gawo lachiwiri n'lophweka. Tinachipatsa padi ya makina akuda omwewa. Mlonda wa pachipata chachitatu anachipha kakhumi. Kakhumi, anthu akuona. Chinalira misozi, n'kugwada kupepesa kuti makina akuda ndiwo makina."

Anthu anangoti kakasi, osamva mutu wake. Wa tayala uja anali atafika.

"Kanayi."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwa Rozaria.

"Kanayi kokha, ndipo padi yako inali ndi batani lomata, ndinakuuza tsiku lomwelo. Ine kugwadira iwe? Mlonda ameneyo amabera, amakubaya iwe utatchinga kale. M'gawo loyamba zoterozo munalibe, munthu umafa chifukwa walakwitsa wekha. Ndiye uziti aliyense anavomera, anavomera ndani? Gemu yoti theka lonse umangoyenda pahatchi kukapereka makalata?"

Anaima pamenepo, kukamwa kukadali kotsegula. Mpini unali utagwa m'manja mwake.

Kenako mwamuna wa chikwanje uja anakanda m'mutu. "Komadi hatchi imene ija imachedwa," anatero. "Ndinaonerapo pa Migowi, kuseri kometera kuja. Ndi mkulu wa makinayu amakhala pakhomo." Wina anaseka mwamanyazi, winanso anati naye anadutsapo. A Jonasi anatola chitsulo cha timapaipi chija, kuchinunkhiza, kuchigwedeza pafupi ndi khutu. Anayang'ana Nickson nthawi yaitali.

"Bwezerani petuloyo m'thanki," anatero. Anaponyera Dyson kiyi. "Achimwene, tengani nsapato zanu muzipita. Zinthuzi zitsala. Msewu uno musadzadutsenso."

Nickson sanavale n'komwe nsapatozo. Dyson anachita kumukweza panjinga ngati thumba. Amuna awiri anakankhira chipika pambali. Njinga inakana kulira kawiri, ndipo pa nthawi imeneyo anamva mawu a Rozaria, osakweza.

"Ndiye mumamudziwa. Mwanena pano kuti simumudziwa. Masiku onse aja mumati muli pasikelo, mumakhala kuti? Usiku uja munati mukupita kukalondera, ine n'kudzuka chonchi. Munali kuti?"

"Rozaria, ndi gemu chabe..."

"Munthu wonama kamodzi pamaso pa mudzi wonse," anatero a Jonasi ndi mawu awo ofatsa aja. "Akamwini, tabwerani mukhale apa. Vulani nsapato."

Njinga inalira. Dyson anaikoka mwamphamvu moti Nickson anatsala pang'ono kugwa chagada. Atacheuka anaona, kupyola fumbi, anthu akubwerera m'bwalo lawo lija, ndipo pakati pake mutu wa Goliati, umene unkaonekera pamwamba pa onse, unatsika n'kusowa. Tayala lija palibe anali atalibweza kuseri kwa nyumba.

"Dyson, ima. Tibwerere tikawauze." Anamumenya paphewa.

"Ndili ndi ana atatu ine," anatero Dyson osacheuka. "Tikanena kupolisi pa Migowi."

"Ku Migowi n'kutali. Ima."

Anamumenyanso kachiwiri. Dyson anachepetsa liwiro, njinga n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono moti munthu akanatha kutsika bwinobwino. Anadikira. Nickson anayang'ana mapazi ake opanda nsapato, anayang'ana msewu wobwerera, fungo la petulo likadali m'mphuno. Dzanja lake linali m'mwamba, pafupi ndi phewa la Dyson. Analitsitsa n'kugwira chitsulo cha kumbuyo kwa mpando, ndipo Dyson anawonjezera moto.